Dzungu lipeze malo pa kadzutsa wa ku Lichinga

Ku America mwezi wa September ukangofika, masitolo ndi nyumba zodyera zimadzaza ndi fungo la sinamoni, jinja ndi nutmeg, zokometsera zimene kumeneko amaziphatikiza ndi dzungu. Chimodzi mwa zakudya za nyengo imeneyi ndi buledi wogona woviikidwa m'mazira, mkaka ndi dzungu lopota, n'kuphikidwa mu uvuni kuti banja lidye dzuwa litakwera. Koma chakumwa cha kampani ya khofi ya Starbucks chimene chinatchukitsa fungoli kuyambira 2003 chinakhala zaka 12 mulibe dzungu ngakhale pang'ono, mpaka mu 2015 pamene analiwonjezera. Kuno ku Niassa dzungu lenileni limayanga m'mizere ya chimanga popanda wolinyengerera, koma m'tauni ya Lichinga m'mawa ukacha anthu amathamangira pão (buledi), dzungu n'kutsala kumudzi. Ine ndikuti kaphikidwe ka buledi wa dzungu uja tikatenge, chifukwa kakuyankha vuto lathu kuposa la eni ake.

Vutolo ndi tirigu. Pafupifupi tirigu yense amene amaphikira buledi m'dziko la Mozambique amachokera kunja, ndipo ufa usanafike ku Lichinga umakhala utayenda ulendo wautali kuchokera kunyanja ya mchere, kudzera ku Nampula ndi Cuamba. Mtengo wa kunja ukakwera, thumba la mayi wa ku Chiuaula, m'tauni muno, limamva msanga. Sitinaiwale September wa 2010, pamene kukwera kwa mtengo wa buledi kunautsa zipolowe ku Maputo ndi Matola, anthu n'kutaya miyoyo. Chakudya chodula chotere sichoyenera kutayidwa chikauma, komanso sichoyenera kudyedwa chokha ndi tiyi wa shuga basi. Tengani pão zinayi za dzulo, muzidule zidutswa, muziviike m'mazira atatu, makapu awiri a mkaka ndi kapu yodzaza ya dzungu lophika lopota bwino. Buledi amene akanakwanira anthu atatu akhutitsa asanu, ndipo mwana apita kusukulu atadya chinthu chogwira m'mimba. Mnofu wachikasu wa dzungu uli ndi zimene thupi limapangira vitamini A, chinthu chomwecho chimene akatswiri monga Maria Andrade akhala akulimbikitsira mbatata yofiira m'kati m'dziko muno, ntchito imene inamupezetsa mphoto ya World Food Prize mu 2016.

Ena anena kuti izi ndi zachizungu, ife tili ndi futali. Futali wa maungu wothira nsinjiro ndi wokoma ndithu, ndipo sindikufuna kuti achoke pamoto. Koma tinene zoona: ana ambiri obadwira m'tauni amaona dzungu ngati chakudya cha njala, chodya mu February ndi March poyembekezera chimanga, ndipo akangopeza ndalama amalithawa. Kuwauza kuti abwerere ku futali sikunathandize. Kulowetsa dzungu m'chakudya chimene akuchikonda kale ndiye njira imene ingagwire. Ndiponso zachilendo zake n'zochepa. Dzungu lenilenilo linachokera ku America kalekale, monga chimanga ndi chinangwa, ndipo kuviika buledi wouma m'mazira ndi mkaka Apwitikizi amachita pa Khirisimasi, amati rabanadas.

Nkhani ya uvuni si yovuta. Aliyense wodziwa kuphika chigumu amadziwa kupaka mafuta m'poto, kuika makala pang'ono pansi ndi ena pachivundikiro, n'kudikira mpaka pamwamba pafiire. Chovuta kwenikweni ndi mazira ndi mkaka, ndipo apa wotsutsa akunena zoona. Banja logula pão imodziimodzi silingaphike chakudya ichi tsiku lililonse. Koma pa Lamlungu kapena kukabwera alendo, ndalama yomwe imapita ku mabisiketi ndi zakumwa za m'mabotolo ingagule mazira atatu. Mkaka ukasowa, madzi a nsinjiro yosefa amagwira ntchito, ndipo dzungu lakupsa bwino limachepetsa shuga wofunika. Zokometsera zonse zija si lamulo. Kachidutswa ka jinja wosinja kapena sinamoni pang'ono n'zokwanira.

Chimene sitiyenera kutengera ndi nyengo ya ku America. October kuno ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo, maungu atatha kapena atakwera mtengo, ndipo kugula dzungu la m'chitini kuti tifanane ndi zithunzi za pa intaneti kungakhale kuwononga ndalama. Nyengo yathu imayamba pa masika, mu April ndi May, n'kufika mu June ndi July pamene Lichinga, mzinda wokhala pamtunda wa mamita opitirira 1,300, umadzuka ndi chisanu cholowa m'mafupa. Dzungu lokhwima, lothyoledwa ndi kaphesi kake n'kuikidwa pamalo ouma pa mthunzi, limatha miyezi osawola. Ophika buledi a m'tauni muno, amene madzulo amatsala ndi pão zosagulidwa, ndiwo ayenera kuyamba: agule maungu kwa alimi a ku Sanga ndi Chimbunila, aphike m'mathireyi, agulitse zidutswa zotentha m'mawa pa msika ndi pa siteji ya maminibasi a chapa.