Akazitape akasintha dzina, insaikulopediya isawathandize kubisala

Mu Novembala 1969 boma la Marcello Caetano ku Portugal linalengeza kuti polisi yachinsinsi ya PIDE yathetsedwa, ndipo m'malo mwake mwabwera bungwe lotchedwa DGS. Zikwangwani za pamakomo zinasinthidwa, mapepala olemberapo makalata anasindikizidwa atsopano. Koma amene ankapanikiza akaidi ndi mafunso kundende ya Machava, pafupi ndi Lourenço Marques, anali omwe aja, m'zipinda zomwe zija. M'busa Zedequias Manganhela anafera m'ndende imeneyi mu Disembala 1972, dzina latsopanolo litatha kale zaka zitatu. Anthu a ku Mozambique, ngakhalenso a ku Portugal komweko, sanadzivute n'kuloweza dzina lachilendolo. Ankangoti PIDE basi, mpaka asilikali anagwetsa bomalo pa 25 Epulo 1974.

Tsono munthu amene wakhala pansi kuti alembe nkhani ya bungwe limeneli mu insaikulopediya, pamutu alembepo chiyani? Nanga alembe nkhani imodzi kapena zitatu, poti bungweli linayamba mu 1933 likutchedwa PVDE, n'kukhala PIDE mu 1945, kenako DGS? Ena amaona ngati awa ndi makani a anthu osowa chochita. Ine ndikuti amene amasankha mutu wa nkhani ndiye amasankhanso zimene mwana wasukulu apeze akalemba dzina m'kabokosi kofufuzira, ndi zimene asapeze.

Pali gulu la olemba ndi akonzi limene limakonda zinthu zoyalana bwino. Iwowa amati bungwe lililonse lilembedwe ndi dzina lake la m'malamulo, dzina la dziko litsatire, ndipo dzina likasintha nkhani yatsopano iyambe. Amati kutero ndiko kusakondera. Njira imeneyi ikhoza kugwira pa unduna wa zamtengatenga kapena bungwe loona za madzi. Pa akazitape ndiyolakwika, chifukwa bungwe la akazitape silisintha dzina mwangozi. Limasintha fungo likafika poipa.

Taonani ku South Africa. Mu 1969 boma la John Vorster linakhazikitsa Bureau for State Security, n'kuika Hendrik van den Bergh pampando. Atolankhani ndi anthu wamba analitcha BOSS, dzina limene linamatirira moti eni ake analephera kulichotsa. Mu 1978, chinyengo cha ndalama za ku dipatimenti yofalitsa nkhani chitaululika ndipo Vorster ndi Van den Bergh atachoka, bungwelo linasanduka Department of National Security. Patangopita zaka ziwiri linasandukanso National Intelligence Service, pansi pa Niel Barnard. Ku South Korea n'chimodzimodzi. KCIA inakhazikitsidwa mu 1961. Mkulu wake, Kim Jae-gyu, anawombera ndi kupha Pulezidenti Park Chung-hee mu Okutobala 1979, ndipo pofika 1981 bungwelo linali ndi dzina lina. Mu 1999 linatenganso lina. Lina liti? National Intelligence Service.

Dzina lomwelo mulipeza ku Kenya, kumene muzu wake ndi Special Branch ya m'zipinda zapansi za Nyayo House. Mulipeza ku Greece, mulipezanso kuno kwathu. Mayina atsopanowa amafanana ngati anagulidwa pa golosale imodzi, ndipo onse ndi ozizira, osanunkha kanthu. Mukawandandalika pa tsamba limodzi potsata mayiko, mumapeza mzere wautali wa mayina ofanana, osiyana dzina la dziko lokha. Mndandanda wotere ngwaudongo, koma owerenga satolapo kanthu. Njoka yafundula, ndipo ife tikulemba nkhani ziwiri, ina ya njoka ina ya chikopa.

Russia ndiye anafika nazo patali. Cheka ya Felix Dzerzhinsky inayamba mu Disembala 1917. Inakhala GPU mu 1922, OGPU mu 1923, inamezedwa ndi NKVD mu 1934, kenako panabwera NKGB, MGB, ndipo mu 1954 KGB. Soviet Union itagwa mu 1991 ntchitoyo inagawidwa, zakunja zinapita ku SVR, zam'dziko zinadutsa m'mayina angapo mpaka kufika pa FSB mu 1995. Wowerenga amene wapatsidwa nkhani zisanu ndi zinayi zosalumikizana angaganize kuti anali mabungwe asanu ndi anayi. Koma nyumba ya Lubyanka ku Moscow ndi yomwe ija. Chiboliboli cha Dzerzhinsky chinagwetsedwa pabwalo la kutsogolo kwake mu Ogasiti 1991, komabe ogwira ntchito m'nyumbamo amakondwerera tsiku lawo pa 20 Disembala chaka chilichonse, tsiku limene Cheka inabadwa. Vladimir Putin anatsogolerapo FSB kuyambira 1998 mpaka 1999, atachokera ku KGB. Ngati eni ake akuvomera poyera kuti ndi a mtundu umodzi, wolemba insaikulopediya ndani kuti awalekanitse?

Wikipedia ya Chingerezi ili ndi lamulo limene ndimaliyamikira: mutu wa nkhani ukhale dzina limene anthu ambiri ndi mabuku odalirika amagwiritsa ntchito, ngakhale lisakhale la m'malamulo. N'chifukwa chake mumapeza nkhani yotchedwa Stasi, pamene dzina lake la m'malamulo ku East Germany linali Ministerium für Staatssicherheit. N'chifukwa chake mumapeza MI5, pamene lamulo la ku Britain la 1989 limalitchula kuti Security Service. Za ku Britain zikutiphunzitsanso china. Bungwe lija anthu amati MI6 linayambira ku Secret Service Bureau ya 1909, koma lamulo lovomereza kuti lilipo linabwera mu 1994. Kwa zaka zoposa 80 munthu wodikira chilolezo cha boma akanalemba chiyani? Tsamba lopanda kanthu. Boma limene limatha kukana kuti bungwe lilipo silingakhale lotiuza dzina loyenera kulilemba.

Otsutsana nane ali ndi mfundo imodzi yolemera, ndipo sindiizemba. Amati kumangirira mabungwe onse pachingwe chimodzi n'kupaka amoyo mlandu wa akufa. Nthawi zina kusintha kumakhala kwenikweni. Stasi inayesera chinyengo chomwe chija mu Novembala 1989, Erich Mielke atachoka, n'kudzitcha Amt für Nationale Sicherheit, koma sichinagwire. Pa 15 Januwale 1990 anthu anathyola geti la likulu lake ku Berlin. Anapeza kuti akazitape akhala akuwononga mafayilo, ndipo makina odulira mapepala atatopa anayamba kung'amba ndi manja. Zidutswazo zinadzaza matumba oposa 15,000, ndipo anthu akhala akuzilumikiza chimodzichimodzi kwa zaka zambiri. Kuyambira 1992 munthu aliyense amatha kupempha fayilo yake n'kuwerenga zimene mnansi kapena mnzake wa kuntchito ankanena za iye. Apa bungwe linathadi. Antchito anabalalika, mafayilo anachoka m'manja mwawo. Ku South Africa nakonso mu 1995 kunachitika zenizeni ndithu, pamene akazitape a boma lakale anaphatikizidwa ndi a ANC pansi pa malamulo atsopano ndi komiti ya nyumba ya malamulo yowayang'anira. Pamenepo nkhani yatsopano njoyenera.

Koma mfundo yawoyi ikuthandiza ine. Chimene chikusiyanitsa Stasi ndi PIDE ya 1969 sitichipeza pachikwangwani. Timachipeza pofunsa kuti antchito anapita kuti, mafayilo anatsala ndi yani, ndipo bungwelo limayankha kwa ndani likalakwa. Dzina limatha kunamiza mbali zonse ziwiri. Central Intelligence Organisation inakhazikitsidwa ku Rhodesia mu 1963 ndi Ken Flower. Inatumikira Ian Smith, inathandiza kulera Renamo imene inadzasakaza Mozambique n'kuthamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi ku Malawi. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, Robert Mugabe anasunga dzinalo, anasunganso Flower yemweyo pampando. Apa mbendera inasintha, nyimbo ya fuko inasintha, koma nkhani ya CIO iyenera kukhala imodzi. Wokonza mndandanda potsata mayiko akhoza kuidula pakati, theka ku Rhodesia theka ku Zimbabwe, n'kubisa chinthu chachikulu kwambiri chimene wowerenga anafunika kudziwa.

Ndikudziwa kuti nkhani imodzi singanyamule mbiri yonse kuchokera ku Cheka kufika ku FSB. Ikhoza kutalika mopitirira. Kugawa chifukwa cha kutalika sindikukutsutsa. Chimene ndikukana n'kusiya chibale cha mabungwewa m'kabokosi kakang'ono ka kudzanja lamanja kwa tsamba, m'tizilembo tating'ono timene munthu wowerenga pafoni amangotidumpha ndi chala. Chiganizo choyamba kapena chachiwiri chinene mosabisa kuti bungwe ili linalowa m'malo mwa lakuti, linatenga antchito ake ndi nyumba yake. Ndipo amene walemba dzina lakale m'kabokosi kofufuzira afikitsidwe pa nkhani yonena zonse.

Wikipedia ya Chichewa ikadali yaing'ono, ndipo tsiku lina wina adzakhala pansi kuti alembemo za akazitape a ku Malawi. Chapafupi chidzakhala kutenga dzina la National Intelligence Service, kutchula kuti kale inali National Intelligence Bureau, kukopera ntchito zake kuchokera m'lamulo, n'kutseka kompyuta. Nkhani yotero idzakhala chikalata cha boma. Ukazitape wa boma m'dziko muno unayamba kale. Malipoti a Special Branch ya atsamunda onena za chiwembu chofuna kupha azungu ndiwo anathandiza kubweretsa kumangidwa kwa anthu kwa pa 3 Marichi 1959, ndipo komishoni ya Devlin inakana kuti chiwembu chotero chinalipo monga boma linkanenera. Ufulu utabwera nthambiyo inatsala. M'zaka za m'ma 1970 dzina la Focus Gwede, mkulu wake, anthu ankalitchula monong'ona, mpaka iye mwini anamangidwa mu 1976 pamodzi ndi Albert Muwalo. A Payoniya nawo anali ndi makutu awo m'midzi ndi m'misika kufikira asilikali atawalanda zida pa Operation Bwezani mu Disembala 1993.

Wolembayo adzayambire pamenepo. Ngati adzaona kuti bungwe la lero n'losiyana ndi akale aja, adzalembe chaka chimene kusiyanako kunayamba, lamulo limene linakubweretsa, amene amaliyang'anira, ndi kumene mafayilo a Special Branch anapita.