Mlendo Abwera ndi Kalumo, Koma Wodziwa Mutu wa Mwana ndi Mphunzitsi

Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kamene kafika m'sukulu zathu masiku ano ndi tabuleti, kakompyuta kam'manja kamene kamalankhula, kuimba ndi kuonetsa zithunzi.

Mu 2013 mabungwe a VSO ndi onebillion adayamba kuphunzitsa ana a ku Malawi masamu kudzera pa matabuleti olankhula Chichewa. Mu 2023 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya BEFIT pofuna kufikitsa zipangizozi kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu za pulayimale za boma. Ine sinditsutsa zimenezi ayi. Mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza kalasi sangathe kumvetsera aliyense akuwerenga, pamene tabuleti imayenda ndi mwana pa liwiro lake. Nkhawa yanga ndi iyi: mphunzitsi asangokhala wogawa ndi wotchaja zipangizo. Akhalepo pamene phunzirolo likupangidwa.

Taganizani mawu oti "mtengo". Pa pepala amalembedwa chimodzimodzi, koma mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimasiyana pa kakwezedwe ka liwu. N'chimodzimodzinso "khungu" la pathupi ndi "khungu" la maso. Wojambula mawu akaphonya liwu, chithunzi chidzanena china, khutu lidzamva china, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi adzasokonezeka osadziwa chomusokoneza. Mphunzitsi wa Sitandade 1 angagwire cholakwa chotere asanamalize n'komwe kumvetsera. Iye amadziwanso pamene ana amapunthwa chaka ndi chaka: kusinthanitsa b ndi d, kapena kuiwala kubwereka pochotsera.

Tili ku koleji ya aphunzitsi, ankatilangiza kuti tchati chisachuluke zokongoletsa. Patapita zaka, katswiri wa ku America, Richard Mayer, adafotokoza zofanana m'buku lake la 2001 lotchedwa Multimedia Learning: mawu ndi chithunzi zikayendera limodzi zimathandiza, koma nyimbo ndi zithunzi zosakhudza phunziro zimabalalitsa maganizo. Nanga ndani angaloze chosafunikacho koposa munthu amene wathera zaka akuyang'ana nkhope za ana?

Choncho ndikupempha zinthu zitatu. Aphunzitsi a m'kalasi, a kumudzi ndi a m'tauni omwe, akhale nawo posankha mawu, zithunzi ndi ndondomeko ya phunziro. Ayese phunzirolo ndi ana awo lisanafalitsidwe, ndipo zimene aona zimvedwe. Makoleji aphunzitsenso aphunzitsi atsopano kuweruza maphunziro otere, osati kungoyatsa ndi kuzimitsa.

Aphunzitsi nawonso asanyoze kalumoko. Mutu umodzi susenza denga: katswiri wa kompyuta ali ndi luso limene ife a choko tilibe. Koma kumbukirani kuti mlendo ndi mame. Akatswiri adzalongedza n'kupita, batire lidzatha, ndipo wotsala ndi mwanayo m'mawa mwake adzakhala mphunzitsi.