Mizu ya Chilatini m'mawu a Chingerezi

Mizu ya Chilatini ndi tizigawo ta mawu tochokera ku chiyankhulo cha Aroma akale, timene timapezeka m'mawu ambiri a Chingerezi, makamaka a zamalamulo, zachuma ndi zasayansi. Ambiri mwa mawuwa analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa, anthu a ku Normandy atalanda dziko la England mu 1066. Ena anabwera ndi mpingo komanso mabuku a anthu ophunzira.

Kufunika kwake ku Rumphi

Lamulo la maphunziro la 2013 limati Chingerezi ndicho chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu za m'Malawi, ndipo wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza maphunziro ena. Mwana wa ku Bolero kapena ku Hewe amayankhula Chitumbuka kunyumba, amaphunzira Chichewa ngati phunziro, koma mayeso ena onse amalemba m'Chingerezi. Kudziwa mizu kumamuchepetsera ntchito yoloweza mawu, chifukwa muzu umodzi umamasulira mawu angapo.

Mmene mawu amamangidwira

Muzu "port" umachokera ku "portare", kutanthauza kunyamula. Mphatikiram'mbuyo "ex-" amatanthauza kunja, "in-" kapena "im-" m'kati, ndipo "trans-" kutsidya. Choncho khofi wa kumapiri a Phoka akagulitsidwa kunja ndi "export", feteleza wolowa m'dziko ndi "import", ndipo kututa malasha a ku Mchenga pa lole ndi "transport".

Kamangidwe kotere si kachilendo. M'Chichewa "tseka" amasanduka "tsekula", ndipo m'Chitumbuka "jala" amakhala "jura". Ntchito yosintha tanthauzo imeneyi m'Chingerezi amaigwira "dis-" ndi "de-", kungoti iwo amakhala kumayambiriro kwa mawu.

Mawu a m'nkhani za masiku ano

Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo nyuzipepala zinalemba za "devaluation". Apa "de-" ndi kutsitsa, pamene "valere" ndi kukhala ndi mphamvu. "Inflation", kukwera mitengo kwa zinthu, ndi "in-" ndi "flare", kuuzira mpweya m'kati monga popopa mpira.

Mawu oti "subsidy", amene alimi amati sabuside, anachokera ku "subsidium", asilikali amene ankakhala kumbuyo kudikira kuthandiza anzawo nkhondo ikavuta. "Election" ndi "e-" ndi "legere", kusankha pakati pa ambiri. "Referendum", monga ya pa 14 Juni 1993, ndi nkhani yoyenera kubwezedwa kwa anthu kuti agamule okha.

Chilatini m'sukulu za m'Malawi

Chingerezi chinazika mizu m'boma la Rumphi kudzera mwa amishoni a Livingstonia, pamene Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe mu 1894. Chilatini chenichenicho chinatchuka kwambiri ndi Kamuzu Academy, sukulu imene Hastings Kamuzu Banda anatsegula ku Mtunthama m'boma la Kasungu mu 1981, kumene ophunzira onse ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Ophunzira ambiri a m'sukulu za boma saphunzira chiyankhulochi. Komabe mizu ndi aphatikiri ofala angaphunzitsidwe m'phunziro la Chingerezi lomwelo, popanda mphunzitsi wa Chilatini.

Malire ake

Muzu umangolozera tanthauzo, sulowa m'malo mwa dikishonale. Mphatikiram'mbuyo "in-" ali pawiri: mu "invisible" amakana, kutanthauza chosaoneka, koma mu "inflammable" sakana. Chenjezo limeneli likalembedwa pa thanki ya petulo limatanthauza kuti chinthucho sichichedwa kuyaka, ndipo wolimva molakwika angaike moyo pachiswe. Komanso si mawu onse aatali amene ali a Chilatini: "democracy" ndi "biology" ndi a Chigiriki, pamene mawu a tsiku ndi tsiku monga "house" ndi "water" ndi a Chingerezi chakale.