ZA PAKHOMO PATHU: Maso a Rozi Sanafe, Angogona

Ambiri mwa ife tili ndi rozi pakhomo amene amangotalika ngati bango, duwa limodzi kunsonga basi. Ena amatopa naye n'kumuzula. Tisafulumire.

Tikayang'ana pamene tsamba lagwirana ndi tsinde, tiona kadiso kakang'ono. Diso limeneli ndi nthambi yamawa, koma lagonekedwa ndi mahomoni, timadzi timene chomera chimapanga chokha kuti ziwalo zake zizimvana.

Woyamba ndi auxin. Amapangidwa kunsonga ndipo amatsika ndi tsinde kuletsa maso am'munsi kuphuka. Mu 1933 akatswiri awiri, Thimann ndi Skoog, anadula nsonga za mtundu wina wa nyemba, maso n'kuphuka. Atapaka auxin pabalapo, maso anakhalabe m'tulo. Alimi a fodya amazidziwa izi: ukathena fodya, mphukira zimabuka pa tsamba lililonse.

Auxin ali ndi omuthandiza. Wina ndi abscisic acid, amene amachuluka m'diso logona. Winanso ndi strigolactone, amene ntchito yake yoletsa nthambi inadziwika mu 2008. Ameneyu ndi yemwe uja amatuluka m'mizu ya chimanga n'kudzutsa njere za kaufiti m'munda. Wodzutsa maso ndi cytokinin, amene wambiri amachokera kumizu. Nsonga ikachoka, auxin amachepa, cytokinin amachuluka, ndipo shuga amene ankathamangira kunsonga amapatukira ku maso otsalawo.

Ofufuza a ku Angers, m'dziko la France, anapezanso kuti diso la rozi siliphuka mumdima, ngakhale nsonga itadulidwa. Limafuna kuwala.

Tsono titani? Duwa likafota tisathothole mutu wokha. Titsike mpaka pa tsamba la timasamba tisanu, tidule mopendeketsa ndi mpeni wakuthwa, theka la sentimita pamwamba pa diso loyang'ana kunja. Diso limenelo ndilo lidzatsogole, ndipo nthambi idzaloza kunja, pakati n'kumalowa dzuwa ndi mphepo. Kudulira kwakukulu tichite nthawi yozizira, cha mu Julayi, kenaka tithire manyowa ndi madzi, pakuti dothi lamchenga la kunyanja kuno silisunga chinyezi.

Rozi wobzalidwa pansi pa mtengo wa mango ndi bwino kumusamutsira padzuwa tisanamudulire. Tikatero tidikire masabata awiri kapena atatu, tiona timphukira tofiirira tikutuluka.