Tisatole Mpira Masewero Asanathe

M'mbali mwa nyanja ku St Andrews, m'dziko la Scotland, muli bwalo la gofu lotchedwa Old Course, lomwe lakhala ndi mabowo 18 kuyambira m'chaka cha 1764. Mabwalo amtunduwu amakhala pa nthaka yamchenga, pakati pa nyanja ndi minda. Mitengo yotchinga mphepo palibe, ndipo pansi mpolimba moti mpira ukagwa umanjanja n'kuthawira kosayembekezereka. Pabwaloli pali maenje amchenga 112, ena akuya kwambiri. Munthu akhoza kumenya bwino, mphepo n'kukaponya mpirawo m'dzenje. Lamulo lake ndi lakuti mpira umenyedwe pomwe wagwerapo.

M'chaka cha 1921, mnyamata wa ku America wa zaka 19, Bobby Jones, anabwera kudzapikisana nawo mu Open Championship pabwaloli. M'chigawo chachitatu zinthu zinamuvuta. Pa mabowo 9 oyamba anamenya ka 46, ndipo pa bowo la 11 mpira unakakamira mumchenga. Atapsa mtima, anautola n'kutuluka mumpikisano. Koma mu 1927 anabweranso n'kupambana mpikisano womwewo pabwalo lomwelo. Mu 1958 anthu a ku St Andrews anamupatsa ulemu wokhala mfulu ya tawuni yawo.

Ena anena kuti gofu ndi masewero a anthu olemera, nanga ife tiphunzirapo chiyani? N'zoona kuti ambirife sitinagwirepo ndodo ya gofu. Komabe mtima wotola mpira tikuudziwa bwino. Teremu iliyonse timaona anzathu akusiya kosi chifukwa mayeso oyamba sanayende bwino. Wina amasiya kwaya chifukwa chodzudzulidwa kamodzi, wina amaleka kubwera ku Sukulu ya Sabata chifukwa anagwa m'tchimo ndipo akuchita manyazi.

Sitikukana kuti zina zimene timakumana nazo n'zopanda chilungamo. Fizi imachedwa, matenda amagwa pakhomo, ndipo nthawi zina wakhama amalephera pomwe waulesi wakhoza. Koma amene amasewera bwino pabwalo la m'mbali mwa nyanja salimbana ndi mphepo. Amamenya mpira motsitsa kuti uyende chapansi, ndipo akagwera m'dzenje lakuya amalolera kuutulutsira cham'mbali kapena kumbuyo, n'kutaya mwayi umodzi m'malo motaya masewero onse. Kwa ife, kutero ndiko kubwereza kosi, kupita kwa aphunzitsi kukapempha thandizo, kapena kukaonana ndi abusa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mpingo nawonso uli ndi mbali yake. Yohane Marko anasiya Paulo ndi Barnaba ku Perga n'kubwerera ku Yerusalemu, ndipo Paulo anakana kumutenganso. Barnaba ndiye anamupatsa mwayi wachiwiri, mpaka Paulo yemweyo, m'kalata yake yachiwiri kwa Timoteo, anapempha kuti Marko abwere chifukwa anali wothandiza pa utumiki. Akanapanda Barnaba, mbiri ya Marko mwina ikanathera ku Perga.

Choncho tikupempha zinthu ziwiri. Amene mukuganiza zosiya teremu ino, yambani mwalankhula ndi munthu wina musanasaine fomu. Ndipo ife tonse, tikaona mnzathu amene anasiya wabwerera m'kalasi kapena m'tchalitchi, timusunthire malo pabenchi osayamba tamufunsa kumene anali.