Yunivesite ya ku Ndata si ya banja, ndi ya okhoma msonkho

Pali nkhani imene yafala m'maminibasi a pakati pa Limbe ndi Thyolo ndiponso m'magulu a WhatsApp. Akuti yunivesite ya MUST ndi ya banja la a Mutharika, ndipo khonsolo imene amati imaiyang'anira ndi ya dzina chabe. Akuti akuluakulu a sukuluyi akapita kukapereka lipoti ku khonsolo amangowerengerana mapepala, kuwombana m'manja, kusainira maalawansi, basi aliyense kwawo. Ife tikuti nkhaniyi ndi yolakwika, ndipo kuipa kwake n'koti ikupatsa mpumulo anthu amene tiyenera kumawapanikiza ndi mafunso.

Chimene onenawo akulondola sitichibisa. Sukuluyi inayenera kumangidwa ku Lilongwe, koma malemu Bingu wa Mutharika anaisamutsira pa munda wawo wa Ndata, kufupi ndi Goliati. Anthu anadandaula nthawi imeneyo, ndipo anali ndi chifukwa, pakuti chinthu cha dziko sichiyenera kutsata kumene mtsogoleri anabadwira. Manda a Bingu, Mpumulo wa Bata, ali pamunda womwewo, choncho wodutsa akaona nyumba zophunziriramo ndi mandawo moyandikana n'zosadabwitsa kuti amaganiza kuti zonse n'za mwini mmodzi.

Koma tsatirani zaka. Bingu anamwalira mu Epulo 2012. Lamulo lokhazikitsa MUST linadutsa ku Nyumba ya Malamulo kumapeto kwa chaka chomwecho, dziko lili m'manja mwa mayi Joyce Banda, amene sanali pa ubale wabwino ndi chipani cha a Mutharika cha DPP. Ophunzira oyamba analowa mu Malichi 2014, a Banda akadali pampando. A Lazarus Chakwera atatenga boma mu 2020 sukulu sinatsekedwe, aphunzitsi anapitiriza kulandira malipiro ochokera m'bajeti ya boma. Nyumbazo zinamangidwa ndi ngongole ya banki ya Exim ya ku China, ndipo wobweza ngongoleyo ndi Mmalawi aliyense amene amadulidwa msonkho pogula sopo ndi shuga, kuphatikizapo mayi amene amalawirira ndi dengu kumsana kukathyola tiyi ku Makandi kapena ku Conforzi. Ophunzira amasankhidwa kudzera ku bungwe la NCHE potengera mmene akhozera mayeso a MSCE, monga zimakhalira ndi mayunivesite ena aboma. Mwana wa ku Chitipa ndi wa ku Nsanje amagona chipinda chimodzi ku Ndata osafunsidwa khadi la chipani.

Tsono za khonsolo. Amene akuti ndi ya dzina chabe aiwala msanga za 2011. Chaka chimenecho mkulu wa apolisi a Peter Mukhito anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College kukawafunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi. Aphunzitsi ananyanyala ntchito pofuna ufulu wophunzitsa mopanda mantha. Khonsolo ya University of Malawi inachotsa ntchito a Chinsinga, a Jessie Kabwila, a Garton Kamchedzera ndi a Franz Amin, ndipo maphunziro ku Zomba anaima miyezi yambirimbiri. Anayiwo anadzabwezeretsedwa, koma ana a eni anali atataya pafupifupi chaka chathunthu ali pakhomo. Chinthu chopanda mphamvu sichingachite zoterozo. Khonsolo ndiyo imalemba ndi kuchotsa akuluakulu a yunivesite, imavomereza bajeti, imakambirana za fizi, imaloleza kumanga kapena kusamanga. Ikagwira bwino ntchito sitimva n'komwe dzina lake, koma ikapotoka amalira ndi makolo amene anagulitsa mbuzi kuti mwana apite kusukulu.

N'zoona kuti boma lili ndi dzanja posankha ena mwa anthu okhala m'makhonsolo amenewa, ndiponso mwa chizolowezi chathu mtsogoleri wa dziko ndiye amakhala Chansala wa mayunivesite aboma. Ife chizolowezi chimenechi sitichikonda. Komabe chimenecho ndi chifukwa chowayang'anitsitsa, osati chowasiya.

Ndipo zoti akanene ku khonsolo zilipo zambiri. Mu 2016 Pulofesa Address Malata, amene kale ankatsogolera Kamuzu College of Nursing, anatenga udindo wa Vice Chancellor wa sukuluyi n'kukhala mayi woyamba kutsogolera yunivesite yaboma m'dziko muno. Mu 2019 ophunzira oyamba analandira madigiri awo. Mu 2020 MUST inagwirizana ndi UNICEF ndi Virginia Tech poyambitsa sukulu yophunzitsa achinyamata a mu Africa kupanga ndi kuulutsa madroni. Pali nthambi ya zaumisiri, ya zanyengo ndi nthaka, ya zachipatala ndi ya zachikhalidwe, ndiponso thumba lapadera limene makampani ndi anthu akufuna kwabwino amaponyamo ndalama zothandizira sukuluyi m'tsogolo. Chilichonse mwa izi chimadya ndalama, ndipo payenera kukhala munthu wofunsa kuti zalowa zingati, zatuluka zingati, zagula chiyani. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo za mulabotale zogulidwa kunja zinakwera mtengo tsiku limodzi. Chodula ndi chosiya pa nthawi ngati imeneyo chimagamulidwa pa misonkhano yomwe anthu akuitcha ya maalawansiyo.

Pamene ife tikudandaula ndi pena. Lipoti la akuluakulu a yunivesite limathera m'chipinda chotseka, ndipo chimene chimafika kwa anthu ndi zithunzi za mikanjo ya pa tsiku lolandira madigiri. Mphekesera zimamera pamene anthu sauzidwa kanthu. Palibe chimene chingawonongeke khonsolo itamatulutsa, ukangotha msonkhano, tsamba limodzi kapena awiri m'Chingerezi ndi m'Chichewa onena zimene yamva ndi zimene yagamula. Za matenda a wogwira ntchito kapena mlandu wa wophunzira zikhale zachinsinsi, palibe akutsutsa. Koma chiwerengero cha ophunzira amene asiyira panjira chifukwa cha fizi, amene bungwe lopereka ngongole silinawafikire, amene akugona m'nyumba za lendi kunja kwa mpanda chifukwa malo ogona ndi ochepa, zimenezi si zachinsinsi cha munthu aliyense.

Ndiye pali Thyolo mwiniwake, amene lipoti lililonse liyenera kumutchula. Boma ili ndi la tiyi. Satemwa yakhalapo kuyambira 1923, ndipo minda ya makampani inatenga nthaka yabwino kalekale, m'masiku a thangata, n'kusiya anthu atapanikizana m'mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje. Mukayenda m'mawa nthawi ya mvula muona mizere ya tiyi yometedwa bwino mpaka kumene maso alekezera, kenaka mwadzidzidzi kamunda ka chimanga kopendekeka pamtsetse, kosakwana n'komwe theka la ekala, kodyetsa banja lonse. Nthochi zimene Thyolo ankatchuka nazo zinatha ndi matenda a chisaka. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda ndi nyumba kuno kummwera. Yunivesite yokhala ndi nthambi yonse ya zanyengo ndi nthaka ili pakati pa mavuto amenewa. Khonsolo ifunse kuti akatswiri ake akuchita chiyani limodzi ndi a Tea Research Foundation ku Mimosa m'boma la Mulanje, alimi ang'onoang'ono a tiyi apindulapo chiyani, ndiponso mlimi wa tomato wa ku Goliati, amene zokolola zake zimaolera pamsika zikachuluka, angapeze liti makina otsika mtengo ozisungira opangidwa ndi ana a pa Ndata pomwepo.

Munthu amene wakhulupirira kuti sukuluyi ndi ya banja la eni sangafunse mafunso amenewa, chifukwa za eni safunsa. Aphungu a ku Thyolo, mafumu ndi makomiti a chitukuko ali ndi ufulu wolembera wapampando wa khonsolo ya MUST kupempha chidule cha lipoti la chaka chino, ndipo nyuzipepala ino idzasindikiza pempholo pamodzi ndi yankho lake.