Mpeni wotchipa uli pawiri

Wofuna mpeni wopinda woyenda nawo m'thumba masiku ano savutika. Pa benchi ya ogulitsa maloko, matochi ndi mabatire, mipeni ili mbwee: ina yakuda bii, ina yamawangamawanga, ina yojambulidwa chinjoka, ndipo wogulitsa akadina kabatani imatseguka mwaukali mpaka anyamata oimirira pambali kukuwa. Mtengo wake ndi wosaboola m'thumba. Komatu kutchipa kuli pawiri. Pali mpeni wotchipa chifukwa wopanga anasiya zonse zosafunikira, ndiye pali wotchipa chifukwa wopanga ananyanyala zofunikira, ndalama n'kuithera pa zokongoletsa.

Wa mtundu woyambawo ndi Okapi, uja ambiri ochokera ku Joni ankabwera nawo m'thumba la jekete. Unayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen, mzinda wa osula mipeni ku Germany, ndipo ankaupangira msika wa kuno ku Africa. Mu 1988 ntchito yopanga mpeniwu inasamukira ku South Africa. Ukauyang'ana palibe chodabwitsa: chogwirira chathabwa, kachitsulo kopindika kamene kagona kumsana, ndi kamphete. Potsegula umalira kuti kerekete, kenako kachitsulo kaja kamagwira mpeni kuti usabwerere. Pofuna kutseka umakoka kamphete ndi chala. Basi. Zoti zithyoke ndi zochepa, ndipo zonse zili poonekera.

Sindikuukometsa dala ayi. Okapi watsopano nthawi zambiri amabwera wosathwa bwino, ndipo chitsulo chake chimachita dzimbiri ukangosenda mango n'kuupinda osapukuta. Koma chitsulo chomwecho chimamvera mwala. Kuthira timadzi pamwala wonolera, kukhwekhweza mbali iyi ndi inayo kwa mphindi zochepa, mpeni wayamba kumeta ubweya wa pamkono. Munthu wotumbula nsomba kunyanja, wodula luzi, wosenda nzimbe kapena wosema mpini wa khasu amafuna zimenezo. Mipeni yodula kwambiri ya masiku ano ili ndi chitsulo cholimba chomwe chimachedwa kubuntha, zoonadi, koma tsiku lobuntha chimafuna chonolera chapadera, chimene kumudzi sungachipeze.

A ku France ali ndi wawo, Opinel. Joseph Opinel anayamba kuupanga mu 1890 m'chigawo cha Savoie, ndipo ogula ake oyamba anali alimi ndi abusa a ziweto. Mu 1955 opanga ake anawonjezerapo kamphete kozungulira pakhosi pa chogwirira, koti ukakapotoza mpeni sungapindike uli pantchito. Nambala 8, womwe ndi wotchuka kuposa ena onse, chitsulo chake n'chotalika masentimita 8.5. Nawo uli ndi kachilema kake: chogwirira chikanyowa chimafufuma, mpeni n'kukana kutuluka, mpaka uchite kugogoda kumapeto kwake pathebulo. Chilema chotere munthu amakhala nacho, chifukwa sichivulaza.

Chimene chimavulaza ndi mpeni wa chinjoka uja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Utenge m'manja, utsegule, ugwire kunsonga mosamala n'kuyesa kugwedeza uku ndi uku. Ukamva kuti ukugwedera pa msomali wolumikiza, usiye pomwepo, chifukwa kugwedera kumeneko kumangowonjezereka. Kenako uyang'ane kachitsulo ka m'kati kamene kamatsekereza mpeni. Pa mipeni yambiri ya pabenchi kamakhala kopyapyala, kongogwira m'mphepete. Tsiku lina ukukanikiza podula chingwe cha matumba a chimanga, kachitsuloko kadzaterereka, ndipo mpeni udzapindikira pa zala zako zinayi. Mpeni wopanda loko n'komwe ndi wabwinoko, chifukwa mwini wake amadziwa kuti akuyenera kusamala. Woopsa ndi wa loko yabodza.

Ena amangoti vuto ndi China. Ine ndikukana. Mzinda wa Yangjiang, m'chigawo cha Guangdong, umatulutsa mipeni yochuluka zedi, yabwino ndi yachabe yomwe. Kampani ngati Sanrenmu imapanga mipeni yotsika mtengo koma yolumikizidwa bwino, ndipo imalemba poyera mtundu wa chitsulo, monga 8Cr13MoV, chosachita dzimbiri msanga komanso chosavuta kunola. Zinyalala zimafika pa mabenchi athu chifukwa oitanitsa katundu amasankha zimene zikunyezimira pa mtengo wotsikitsitsa. Ndipo mukaona mpeni wofiira wa kamtanda koyera ukugulitsidwa pa mtengo wa botolo la zakumwa, dziwani kuti a Victorinox ku Ibach, eni ake a kamtandako, sanauonepo.

Okapi ali ndi mbiri ina yosakoma, yomwe anaitenga m'manja mwa atsotsi a m'malokeshoni a ku Johannesburg, moti apolisi akaupeza m'thumba la mnyamata usiku samaganiza za nzimbe. Abale athu okhala ku Britain asamale kwambiri. Lamulo la kumeneko limalola kuyenda ndi mpeni wopinda wosapitirira mainchesi 3 ngati ulibe loko. Okapi wa kamphete ndi Opinel nambala 8 onse ali ndi loko, choncho kuyenda nawo mumsewu popanda chifukwa chomveka ndi mlandu.